Matayala Amene Anakatenga Felista

Amene akuganiza kuti kusankha tayala n'chimodzimodzi kusankha tomato pamsika asunthire kumbuyo, apatse malo anzake ofuna kumva, chifukwa zimene ndinene pano zinachitika masanasana, anthu akuona. Ine Lazaro Tembo wa ku Chiparamba ndinagwira chiwongolero nthawi ya Chitaganya, tauni ino ikutchedwa Foti Jemusoni, makolo anu asanayambe n'komwe kuvala kabudula. Mukumva?

Ndinkayendetsa galimoto ya Che Amidu, Msilamu wa sitolo ya nsalu, amene makolo ake anachokera ku Nyasalande. Inali galimoto yobiriwira, ya mipando yofewa, yonunkhira sopo ndi nsalu zatsopano chifukwa cha katundu amene tinkazungulira naye m'midzi. Koma matayala ake, abale inu! Anali atatheratu, osalala ngati dazi, opyapyala moti ndikaponda nyerere ndinkadziwa ndili pampando pomwepo kuti iyi ndi yaimuna kapena yaikazi, ndipo zigamba zinachuluka pa machubu mpaka machubu enieniwo anasowa, kunangotsala zigamba zokhazokha zitagwirana manja, mpweya n'kumakhalamo chifukwa chondichitira ulemu ine basi.

Chaka chimenecho ndinali nditatomera Felista, mwana wa alimi a mtedza ku Chipangali. Ndinamuona koyamba akusankha nsalu kumbuyo kwa galimoto yathu, akuikweza kudzuwa kuti aone ngati siyopyapyala, ndipo ataseka ndinaona kampata pakati pa mano ake akutsogolo. Tsiku lina atabwera kutauni kudzagulitsa mtedza, inatidutsa galimoto ya mzungu ya matayala oyera m'mbali. Iye anaima, dengu lili pamutu.

"A Lazaro, taonani. Galimoto yavala masokosi oyera."

Sanapemphe kanthu, sanali munthu wopempha. Koma maso ake anaiperekeza mpaka inakhota.

Ukwati tinaupangira Adiventi, nyengo yoyembekezera Khirisimasi, isanalowe, koma mvula chaka chimenecho inafulumira, inabweranso yolusa. Amalume ake a Felista, a Zuze, sankandifuna. Ankanena poyera kuti dalaivala ndi munthu wa msewu, tsiku la ukwati sadzaoneka, ndipo akapanda kufika nthawi ya Misa mwana wawo amupereka kwa wina wokhazikika. Ine ndinali nditabwereka kale ngolo ya ng'ombe. Che Amidu atamva anandiitana kuseri kwa sitolo.

"Lazaro, mkwatibwi pa ngolo, ine ndili moyo? Tengani galimoto. Koma ndi matayala awa mukamutaya mwana wa eni ake m'dambo. Pitani kugalaja mukasankhe anayi atsopano, ndipo musathamange posankha."

Galajayo inali ya mzungu wina, ndipo ife anthu akuda tinkagulira pa kawindo kakumbuyo. Koma tayala silikwana pawindo, choncho anachita kundigubuduzira panja, pabwalo, mitundu itatu. Oyamba anali akale amene anawaveka chikopa chatsopano, otsika mtengo. Achiwiri anali omwe aja a masokosi oyera, osalala, a mano ang'onoang'ono, onyezimira ngati awapaka mafuta. Achitatu anali akuda bii, olemera, oipa nkhope, mano ake akuluakulu ngati a mvuu.

Inu masiku ano mumangomenya tayala ndi phazi n'kuti ili ndi labwino. Ine ayi. Lakale lija ndinaligogoda ndi chala n'kutchera khutu, ndipo linatsokomola ngati nkhalamba ya fodya, linandiuza lokha kuti linapita ku Joni n'kubwerako, linapitanso n'kubwerakonso, latopa, likungofuna pofera, ine n'kulipepesa n'kuligoneka pamthunzi. Otsala awiriwo ndinawakoleka m'mapewa, ili uku ili uku, n'kukwera nawo phiri la Kanjala osapuma. Loyera ndinalikankha koyamba, linatsika mwaulemu, osaponda mwala, osadzutsa fumbi, anthu m'njira akulivulira zipewa, koma litafika pa kachithaphwi kakang'ono linaima njii, linayang'ana madziwo, n'kulambalala likudzikwinya ngati dona wokweza diresi. Mukumva? Ndiye ndinakankha lakuda lija, lomwe linatsika likubangula, linadutsa m'dambo osafunsa, linagwetsa chulu, linakafika ku Mtenguleni kumene agalu onse analithamangitsa mpaka malilime kunja, linatembenuka lokha, linakwera phiri lomwelo chobwerera litaluma mlamba wamoyo m'mano mwake, n'kudzagona pamapazi panga likupuma wefuwefu. Ndikulumbira, mlambawo tinadyera limodzi ndi Che Amidu.

Nkhani inali yoonekeratu, koma ine ndinaimabe pabwalo paja nthawi yaitali, dzanja lili pa loyera. Ndinkamuona Felista akutuluka m'nyumba, akuona masokosi aja atabwera kudzatenga iyeyo, mwana wa alimi a mtedza, mudzi wonse ukuona. Mtima unkafuna zimenezo, unkafunitsitsa. Kenaka ndinamuonanso ataima pakhomo atavala zoyera, dzuwa likukwera, msewu uli zii, a Zuze akugwedeza mutu, ine ndili m'dambo ndi matayala okongola akungozungulira pamodzimodzi. Ndinachotsa dzanja langa.

"Ndipatseni akudawa."

Pobwerera ndinagula njereza, ija yopaka nyumba, n'kuwapaka m'mbali onse anayi mosamala, mpaka anaoneka ngati enieni kwa munthu woima patali amene maso ake si abwino kwenikweni.

M'mawa wa ukwati mvula inagwa yoti achule ankapempha maambulera. Ndisanatuluke n'komwe m'tauni njereza inayamba kusungunuka, ikusiya mzere woyera mumsewu, nkhuku za m'makomboni n'kumanditsatira poganiza kuti thumba la ufa labooka. Koma matayala aja, inu! Ankaluma nthaka mwakuti si galimoto imene inkapita ku Chipangali, ndi Chipangali amene ankakokedwa kubwera kwa ine, msewu ukupindika kumbuyo kwanga ngati mphasa, ndipo mmene ndadutsa munkatsala mizere yowongoka bwino yoti amayi ankathamangira ndi mbewu m'zitenje kudzabzala, moti pobwerera madzulo ndinapeza mtedzawo utachita maluwa, ndipo mpaka lero kuli mabanja amene amalima m'mapazi a galimoto yanga osadziwa woti amuthokoze. Mukumva?

Ndinafika a Zuze asanamalize kuuza anthu kuti sindibwera. Felista anatuluka, amayi ena atamufunditsa chitenje kuti diresi lisanyowe. Sanayang'ane ine, anayang'ana pansi, pamatayala. Anali akuda ngati kale, kungotsala timizere toyera m'makwinya. Anawerama, anakhudza ndi chala, ananunkhiza.

"A Lazaro, mwapaka njereza?"

"Eya."

Anaseka atagwira pakamwa, anaseka mpaka misozi, kenaka anasiya kuseka koma misozi sinasiye. Chala chija sanachipukute. Analowa kutsogolo, pambali panga, a Zuze kumbuyo atakumbatira chipewa chawo. Fungo la sopo limene linali m'galimotomo tsiku limenelo ndikulimvabe, ndiponso ndikukumbukirabe mmene anatulutsira dzanja pawindo kuti mvula imugwere pachikhatho.

Pakati pa mudzi ndi mishoni panali mtsinje wa Lukuzye, ndipo unali utadzaza, mlatho osaoneka, mitengo yathunthu ikuyandama ndi anyani ali m'mwamba. Belu la tchalitchi linayamba kulira kutsidya. A Zuze anati tibwerere. Ine ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinalowetsa giya, ndinaponda moto mpaka phazi kutulukira pansi, ndipo matayala aja atasowa nthaka yoti alume analuma mvula yomweyo, dontho ndi dontho, akukwera ngati pamakwerero, tinadutsa nsonga za mitengo, tinadutsa akakowa amene anatipatsa njira mwaulemu, tinalowa mumtambo momwe a Zuze anayamba kulapa machimo awo mokweza, tinatulukira pamwamba pomwe kunali dzuwa, tikuona Chipangali yense, Foti Jemusoni, ngakhale utsi wa sitima ku Lusaka, kenaka tinatsetsereka pa utawaleza n'kutera pakhomo pa tchalitchi mwakachetechete, ansembe asanamalize kuvala.

Apa ndiye pamene Felista ankandidula mawu.

Kaya tili paukwati wa ana, kaya tikusenda mtedza pakhonde alendo atabwera, ankandilola kunena zonse, za nyerere, za mlamba, za nkhuku, iye ali chete akumwetulira. Koma ndikangofika pamtsinje ankaika pansi chimene wagwira.

"Abambo a Tereza, bodza. Tinatitimira. Ndinavula nsapato, ndinamangira diresi m'chiuno, ine ndi amalume tinakankha. Ndinalowa m'tchalitchi matope ali m'mawondo."

Ine ndinkati, "Amayi, mukunyoza matayala abwino."

Iye ankati, "Matayala analibe mlandu. Woyendetsa ndiye ankayang'ana kumbali m'malo moyang'ana msewu."

Anthu ankafa nazo kuseka, ine ndinkachita ngati ndakwiya, iye n'kutolanso mtedza wake. Zinkatero nthawi zonse, mpaka tsitsi lathu tonse linayera.

Felista tinamuika kwathu ku Chiparamba, pansi pa mtengo wa msuku, mvula zingapo zapitazo. Kuyambira pamenepo ndikafika pamtsinje m'nkhaniyi ndimachepetsa liwiro, ndimadikira pang'ono. Palibe amene amayankhula. Iye ali moyo galimoto ija inkangolumpha mtsinje basi. Atapita inayamba kufika m'nsonga za mitengo, chaka chatha inagunda mtambo, lero mwamva nokha kuti yafika padzuwa, ndipo inu mwangokhala kukamwa yasa, wina mpaka kugwedeza mutu kuvomereza.

Ndiye ndikuti inauluka. Inauluka ndithu, ndipo chaka chamawa idzafika pamwezi, mpaka mayi ameneyo adzuke adzanene yekha kuti ndikunama.