Pepala la pakhoma la apongozi

Mpaka lero ndikamva mawu oti laisensi ndimayang'ana pansi, ndipo mkazi wanga amayamba kuseka ndisananene kanthu.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinali kalaliki pa kabungwe kena kogawa mbande za paini m'munsi mwa phiri la Dedza. Tinali ndi makompyuta anayi. Imodzi inali yaikulu, yosunga maina a alimi onse, ndipo ankaitcha seva. Tsiku limene inafika, m'katoni mwake ndinapezamo pepala lokongola: mizere yobiriwira m'mbali, chidindo chonyezimira pakati, manambala ndandanda. Palibe analifunsa. Ndinaliika m'felemu n'kukalipachika kunyumba.

Sindinanamize munthu (ndikufuna zimenezi zimveke). Alendo akafunsa ndinkangoti, "Ndi za makompyuta izo," n'kutsokomola pang'ono. Apongozi anga aamuna atabwera kuchokera ku Mphunzi analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha kuti likakhale kwawo, anthu akaone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndikanakana bwanji?

Patapita zaka ziwiri seva ija inayamba kumazima yokha, bungwe n'kugula ina. Kunabwera katswiri wochokera ku Lilongwe, mayi Chirwa, kudzasamutsa zonse. Atalumikiza mawaya anati, "Ndipatseni laisensi ya pulogalamu yoyendetsa seva yakaleyi. Popanda nambala yake, yatsopanoyi siidzuka."

Abwana anakhuthula madirowa onse. Inenso ndinathandiza nawo kufunafuna, mwakhama ndithu, mpaka pansi pa kabati. Kenako mayi Chirwa anafotokoza maonekedwe a pepalalo, ine n'kuzindikira kuti ndi lija la m'felemu. Apo n'kuti alimi atakhala kale pakhonde kudikira kuti tione mbande za aliyense, mvula yodzalira ili pafupi. Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, n'kuulula kumene pepalalo linali.

Tinapita ku Mphunzi pa galimoto ya ofesi, ine, abwana ndi mayi Chirwa.

Felemu tinaipeza pabalaza, pakati pa mtanda ndi chithunzi cha ukwati wathu. Titapatsidwa moni ndinayamba kuzungulira: za mbatata ya kachewere ya chaka chimenecho, za chifuwa cha apongozi, za msewu woipa. Mayi Chirwa ndi amene anandidula.

"Bambo, pepala ilo ndi la makina a ku ofesi. Tabwera kudzalitenga."

Apongozi anaimirira, analitsitsa okha, n'kupukuta galasi ndi mkono wa jekete.

"Ndinkadabwa kuti dzina la mkamwini wanga silikuonekapo," anatero mofatsa. "Chaka chatha ndinaitana aphunzitsi a pasukulu apa, anandiwerengera zonse. Ndinawapempha kuti asauze munthu."

"Nanga bwanji simunalichotse?" anafunsa abwana.

"Anthu anali atalizolowera."

Seva inadzuka tsiku lomwelo, alimi n'kulandira mbande zawo. Pepalalo abwana analitsekera m'kabati, kiyi n'kumayenda nayo m'thumba, ndipo katoni iliyonse yatsopano ankatsegula ine nditatumidwa ku positi.

Manyazi anandipititsa ku maphunziro a kompyuta enieni, miyezi isanu ndi umodzi, Loweruka lililonse. Nditalandira satifiketi ndinapita nayo ku Mphunzi nditavala tayi. Apongozi anailandira ndi manja awiri, anandithokoza kwambiri, n'kutumiza uthenga kwa aphunzitsi aja kuti abwere adzaiwerenge kaye. Ndinadikira panja pafupi ndi nkhokwe, ndipo mumtima sindinawaimbe mlandu.