Ufa Wobiriwira ndi Mbale za Eni

Lolemba

Mayi a Tadala anyamuka m'mawa kuno ku Chileka kupita ku Lirangwe. Mayi awo, apongozi anga, anaterereka ku bafa ndipo mwendo watupa. Pachipata mkazi wanga watembenuka n'kunena kuti: "Lolemba likubwerali mukakayezetsa BP, ikapezeka idakali m'mwamba, ine ndibwerako. Amayi adzaona okha chochita."

Mawu amenewa andikhala pamtima. Sindikufuna asiye mayi ake odwala chifukwa cha ine, bambo wa imvi amene ndimatha kuyatsa mbaula.

Anamwino anati mchere pang'ono, mafuta pang'ono, masamba ambiri. Sananene kuti pang'onopo ndi pati.

Mwamwayi pali woyimba uja wa chipewa choyera. Pa chikwangwani chachikulu cha pa Kameza wanyamula paketi ya ufa wobiriwira, mano onse ali panja, mimba ili phwa ngati thabwa. Ndi wa msinkhu wanga. Nyimbo yake tinavina pa ukwati wathu, nthawi imene iye ndi ine tinali ndi chiuno. Iye chake chilipobe. Mu kanema wa pa foni akuti chinsinsi ndi ufawu.

Ndagula paketi. Dongosolo la sabata:
m'mawa, phala la ufa wobiriwira;
masana, masamba owiritsa;
madzulo, madzi ofunda ndi kuganizira za moyo.

Phalali likununkha ngati chinachake chimene ndikuchidziwa. Sindikukumbuka kuti n'chiyani.

Lachiwiri

Mpiru wowiritsa, wopanda mchere, wopanda tomato, wopanda mafuta. Ukukoma ngati nyuzi yonyowa.

Mayi Nasibeko a nyumba yoyandikana nafe asuzumira pa mpanda. "Aphunzitsi, ndiwo zake n'zimenezi?" Ndawafotokozera za thanzi. Agwedeza mutu pang'onopang'ono monga timachitira pa maliro.

Dzuwa lisanalowe kwabwera mbale ziwiri zovundikirana. Nsima, ndi mazira atatu akusambira m'mafuta.

Ndaziyang'ana nthawi yaitali. Kuno ukakana chakudya cha mnzako ndiye kuti ukumuganizira zoipa. Kutaya n'kosatheka, agalu a pano amakokera chilichonse pabwalo, aliyense n'kuona. Ndadya. Ndapukutanso mbale ndi mbamu yomaliza, kuopa kukhumudwitsa munthu.

Vuto lina: mbale siibwezedwa yopanda kanthu. Malemu mayi anga ankaikamo ngakhale mtedza wodzaza dzanja limodzi, n'kutituma titasamba kumaso. M'nyumba muno mulibe mtedza. Ndaikamo phala lobiriwira.

Lachitatu

Phala lija layenda mudzi wonse. Zimene ndamva pobwera kuntchito:
akuti sukulu yandichotsa ntchito;
akuti mayi a Tadala andithawa;
akuti ndikuwiritsa ndere za kudambo.

Pamsika Che Saidi ogulitsa nyama ya mbuzi andikodola. "Achimwene, mkazi kuchoka si kutha kwa dziko. Wanga anachokapo kawiri." Andipatsa chiwindi ndi matumbo zokulunga m'pepala, ndalama akana. Ndayamba kuwauza za woyimba uja. Iwo: "Woyimbayo azidya nyimbo zake."

Ndati ndiphike popanda mafuta. Matumbo atulutsa mafuta awoawo. Kodi amenewa anamwino amawawerengera? Sindinawathire ndine.

Fungo lake landikumbutsa bambo. Mwezi ukatha ankabwera ndi kapepala kotere atamangirira pa kaliyala ya njinga, ife tikuthamanga pambuyo. Anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka zanga zomwezi. Ndadya misozi ikulengeza. Mwina ndi utsi wa mbaula.

Madzi ofunda ndamwa, monga mwa dongosolo.

Lachinayi

Phala m'mawa. Fungo lija likundivutitsabe. Ndi la kwinakwake kwathu, kalekale.

Masana amayi a kumpingo afika mu yunifolomu, akuyimba kuchokera kumsewu. Akhala pa mphasa, apempherera banja limene mdyerekezi waligwedeza. Ndadikira amen n'kunena kuti mayi a Tadala angopita kukadwazika mayi awo. Amayi apampando andigwira phewa: "Onse amatero poyamba, bambo."

Zimene asiya: mpunga, nyemba, zitumbuwa, mandasi, miyendo ya nkhuku yokazinga, ndi futali mu poto wa munthu wina amene sindinamuone nkhope. Tebulo ladzaza mbale za eni. Za maluwa ofiira zilipo zingapo zofanana.

Mpiru wanga uli pakona, wafota, palibe wouyang'ana.

Mayi a Tadala aimba foni. "Mukudya bwino?" Ndati kwambiri. Si bodza. Akuti apongozi ayamba kupondetsa mwendo pang'ono, koma usiku amabuula. Ndamva mawu awo akale chapatali akufunsa ngati akamwini ali moyo. Ndati ndili bwino, asadandaule za kuno.

Lachisanu

Nzeru yabwera: chakudya cha uyu ndiike m'mbale ya uyo, zonse zibwerere kwa eni zili ndi kanthu, ine ndibwerere ku mpiru. Ndayenda khomo ndi khomo ngati wogulitsa.

Zayenda bwino mpaka kwa Mayi Nasibeko. Avundukula mbale, ayang'ana zitumbuwa, andiyang'ana ine. "Izi ndinakazinga ndine dzulo. Zalakwa chiyani?" Sindinadziwe kuti nawonso anasonkha nawo. Popepesa ndakhala pa khonde lawo n'kudya zitumbuwa zonse iwo akuona, kuwonjezera tiyi wa shuga masupuni amene sindinayerekeze kuwerenga.

Ndaoneranso kanema wa woyimba kuti ndilimbe mtima. Ndaona chinthu chachilendo. Supuni imanyamuka, imafika pamlomo, kenako chithunzi chimadumphira pa paketi. Ndabwereza kangapo. Kumeza sakumeza. Mwina amameza nthawi ina.

Foni yalira. Mayi a Tadala. Kondakitala wina wa minibasi wafikitsa nkhani ku Lirangwe yoti ndatsala mafupa okhaokha ndipo ndikupemphetsa m'makomo ndi mbale. "Mawa ndikubwera."

Ndati ayi, ndibwera ndine, adzandione ndi maso.

Loweruka

Pa Kameza woyimba akumwetulira ndi paketi yake. Ndamugwedezera mutu ngati mnzanga amene tasemphana pang'ono. Lunzu, kenako Lirangwe, fumbi lili m'mano.

Apongozi ali pa mphasa pakhonde, mwendo pa pilo. Ndanjuta chapatali monga mwa ulemu. Andiyang'ana kuyambira kumutu, maso aima pa mimba. "Akuti mwaonda, akamwini. Kuonda kwa ku Chileka n'kotere?"

Nkhuku anali atapha kale. Nkhuku ya apongozi siikanidwa. Nthutumba aiika pamwamba kuti ndidziwe kuti yonse ndi yanga.

Titatha kudya ndatulutsa paketi kuti aone kuti ndikuyesetsa. Apongozi aitanitsa, anunkhiza, anyambita pa chala. "Ichi ndi chammwamba." Aloza kuseri kwa bafa. Mtengo uli pomwepo, mbuzi yaimirira ndi miyendo iwiri ikubudula masamba.

Basi fungo lija ndalikumbuka. Chaka cha njala ndili mwana, mayi ankayanika masamba amenewa pa lichero n'kutiphikira tsiku ndi tsiku. Anzathu akabwera tinkabisa mbale pansi pa mpando, kuchita manyazi. Mayi ankangoti idyani, mukule. Tinakuladi. Tsopano ndagula manyazi omwewo m'paketi yonyezimira.

Mayi a Tadala aseka mpaka akhala pansi. Kenako asiya kuseka, andiyang'ana nthawi yaitali.

Pobwerera ndaona kuseri kwa chikwangwani cha pa Kameza, mbali imene amaona ochokera ku Lunzu. Woyimba yemweyo, chipewa chomwecho, mano omwewo. Dzanja ili wanyamula soseji, dzanja ilo botolo la mafuta ophikira. Ndatsika minibasi, ndazungulira chikwangwani kuti nditsimikize. Kutsogolo ufa. Kuseri soseji. Wakabaza wina wandifunsa ngati ndataya kanthu.

Lamulungu

Lamba wasuntha bowo limodzi. Wasunthira kolakwika.

Pochokera ku tchalitchi ndapeza galimoto ya hayala pachipata. Atsika mayi a Tadala. Pambuyo pawo ndodo, kenako apongozi. Kenako mtolo wa nthambi za chammwamba zoti tibzale kumpanda. Mkazi wanga akuti wayesa kusankha wodwala mmodzi, zamukanika, ndiye watisonkhanitsa pamodzi. Ndinkafuna asasiye mayi ake. Sanawasiye. Kaya ndapambana, kaya ndalephera.

Chipinda chathu chapita kwa apongozi chifukwa chili pafupi ndi bafa. Ine pabalaza.

Mbale zotsala mayi a Tadala azibweza ola lisanathe. Akungoyang'ana pansi pa mbale n'kutchula mwini wake. M'mbale iliyonse aikamo mtedza wa ku Lirangwe.

Masana aphika chammwamba chotendera. Ndaima pakhomo la khitchini kuonerera. Mchere atapa ndi nsonga za zala ziwiri. Ndiye pang'ono uja ndi ameneyu. Ndiwo zake zakoma ngati za mayi. Sindinabise mbale.

Mawa BP. Anamwino akandifunsa zimene ndadya sabata ino, ndiyamba ndawafunsa ngati ali ndi nthawi.

Chakumadzulo Mayi Nasibeko abwera kudzalonjera odwala, mbale yovundikira ili m'manja. Nyama ya nkhumba yokazinga, mafuta akuwala. Apongozi athokoza kwambiri, adikira mlendo atuluke, ayesa nthuli imodzi ndi mano awo awiri otsala, aibweza. Akankhira mbale kumene ndakhala.

"Akamwini, musandichititse manyazi kwa eni mudzi."

Ndayang'ana mayi a Tadala. Akuyang'ana kudenga.

Ndasamba m'manja.