Hacker wa pa Resepushoni

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma popeza ku Nkopola yafika kale mpaka kwa asodzi, bola ndiinene ndekha anthu asanaithire mchere wambiri.

Ndinali nditangotha masabata atatu pa ntchito ya pa resepushoni pa loji ina kumeneko. Madamu, eni lojiyo, anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti, "Miyezi itatu ndikukuyesa. Ukapalamula chachikulu, geti ndi ilo." Ndiye tsiku lililonse ndinkayenda mtima uli m'mwamba.

Kompyuta ya mabuking'i ankagwiritsa ntchito ndi Che Jafali, bambo ofatsa amene akhalitsa pa lojipo. Ntchito yanga inali kumwetulira alendo ndi kupereka makiyi. Lachisanu lina, Madamu atapita ku boma kukagula zinthu, Che Jafali anavala mkanjo wawo n'kundiuza, "Achimwene, ine ndapita ku Juma. Kukabwera mlendo, mungolemba dzina lake apa." Foni anazimitsa, monga amachitira akamapita ku mzikiti.

Pasanathe mphindi khumi kunabwera bambo wina wamimba yake, tayi pakhosi. Anali mmodzi wa anthu a wekishopu amene anadzaza holo yathu sabata imeneyo, ndipo ankafuna kusintha chipinda.

Ndinakhala pampando wa Che Jafali n'kulemba dzina lawo. Podzutsa mutu, tsamba la mabuking'i palibe!

Ndinafufuza mausi pa tebulo ponse. Palibenso.

"Pali vuto?" anafunsa bambowo.

"Ayi bwana, netiweki chabe."

Ndinalembanso. Ulendo uno sikirini yonse inadzaza ndi timalembo tachikasu, ngati nkhungu za panyanja. Ndinayesa kachitatu. Tsamba lina linatseguka lokha, latsikira pansi lokha, kenako linasowa. Mantha anandigwira zenizeni.

Bambo aja anasuzumira, maso n'kutong'ola. "Mphwanga, amenewo ndi ma hacker! Ku ofesi kwathu anatichita zomwezi. Munthu akuyendetsa kompyutayi ali kunja kwa dziko. Dula intaneti msanga asanatenge zonse!"

Munthu wa tayi akalankhula, iwe wa masabata atatu ungatsutse? Ndinakwera pampando, ndinazula rauta ya intaneti pakhoma ndi mawaya ake omwe, ndinaikulunga m'thawulo, n'kukaitsekera ku sitolo pamodzi ndi matumba a mpunga. Chifukwa chimene ndinaikulungira m'thawulo, mpaka lero sindichidziwa.

Chimene ndinaiwala n'chakuti mu holo muja bwana wamkulu wa anthu a wekishopu aja ankalankhula nawo pa vidiyo yoonetsedwa pakhoma ali ku Lilongwe. Akuti anauma pakhoma kukamwa kuli yasa. Anthu onse anakhamukira ku resepushoni.

"Wi-Fi yatani?"

"Tikulipira chiyani pano?"

Ine, pofuna kuoneka wodziwa ntchito, ndinakweza manja. "Mabwana ndi madona, musade nkhawa. Loji yathu yalowedwa ndi ma hacker!"

Chipwirikiti! Wina anazimitsa foni n'kuibisa mu sokosi. Mayi wina anayamba kuimbira mwamuna wake kuti athamangire ku banki. Abiti Saidi, amene amatiphikira, anatuluka kukhitchini chipande chili m'manja, anayang'ana sikirini ali chapatali, n'kunena motsitsa mawu, "Subhanallah. Mwanangu, si majini amenewa?"

Ndinaimbira Madamu. Anasiya katundu yense pamsika n'kubwera pa kabaza wa njinga yamoto, duku lili pambali. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kuyamba kuwerenga m'mutu mabasi opita kwathu.

Nthawi yomweyo Che Jafali analowa, kofia ili bwinobwino, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja.

"Salaam aleikum. Kwagwa maliro?"

Tinawafotokozera tonse nthawi imodzi. Iwo anatuma kuti rauta ibwezeretsedwe, anakhala pansi, anadina zilembo ziwiri zitatu, ndipo tsamba la mabuking'i linabwerera. Palibe dzina limodzi lomwe linasowa.

"Madamu, dzanja ili linkandipweteka ndi mausi," anatero. "Ndiye ndinaika kapulogalamu kena, ka extension, mu browser ya intaneti. Ndimangolamula ndi zilembo. Ichi chimatseka tsamba, ichi chimatsitsa, ichi chimabweretsa timalembo tachikasu kuti ndisankhe kopita. Ukafuna kulemba dzina, umayamba walowa m'kabokosi. Apo ayi, chilembo chilichonse ndi lamulo. Ndinaiwala kuwauza achimwenewa, pepani."

"Ayi, sizingatheke," ndinatero ine, pakamwa pangapa. "Ine ndinaona ndi maso anga ikuyenda yokha!"

"Tabwerani mutisonyeze mmene munachitira," anatero Che Jafali.

Ndinakhala pansi, anthu onse ataunjikana kumbuyo kwanga. Ndinaweramitsa mutu monga ndimachitira, maso pa kiyibodi, zala ziwiri zikujompha ngati nkhuku pa chimanga. Jo! Tsamba latsika. Jo! Timalembo tachikasu. Jo! Tsamba latsekeka. Aliyense ankaona sikirini kupatula ine.

Phwete linayambira kwa Abiti Saidi, kenako resepushoni yonse. Bambo wa tayi uja anazemba mwakachetechete ngati sanalankhulepo kanthu. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Madamu anandituma kukapepesa mu holo, pamaso pa onse, ngakhalenso kwa bwana wa pakhoma uja atabwerera. Nditatuluka ndinawapeza Madamu ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Madamu," ndinafunsa, "ndiye ntchito yatha?"

"Yatha bwanji?" anatero. "Hacker tam'gwira kale. Bola akhale pompano pamene tikumuona!"

Usanakuwe kuti kwabwera wakuba, yamba waona chimene zala zako zikuchita.