Thewera Loima Lokha

Anzanga, mukaona matewera a Jafari ali lende pachingwe ngati masamba ofota, musandimvere chisoni. Ndimachita dala. Ndinayesapo kuwakongoletsa kamodzi kokha, ndipo mpaka lero ndikafika ku Mandimba anthu amayamba aseka kaye, moni amabwera pambuyo.

Nkhaniyi inayamba bwinobwino. Jafari ndi mwana wathu woyamba, ndipo poyamba tinkamuveka matewera otaya aja ogula m'sitolo, koma inu mukudziwa mmene amathera, lero wagula, mawa paketi yatsala pepala lokha. Ndiye apongozi anga, amayi awo a bambo a Jafari, anatitumizira kuno ku Cuamba matewera ansalu oyera mbee, mapini ake, ndi timakabudula tapulasitiki tovala pamwamba. Anatumizanso mawu akuti, "Ngati mtsikana wa m'tauni angawathe amenewa, abwere naye mwanayo tidzamuone atavala." Sananene mwaukali, koma zinandikhala pamtima. Kumudzi kwa amuna anga ku Mandimba ena ankanong'ona kale kuti ine ndimangodziwa mabuku. Ndinati basi, ndikawaonetsa kuti mdzukulu wawo ali m'manja abwino.

Tsono mudziwe kumene ndinakulira. Bambo anga ankagwira ntchito kunjanji, ndipo kwathu nsalu yoyera inali ndi lamulo limodzi: goma. Unkapala chinangwa, kufinya madzi ake, kuthirako madzi owira mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi, kuviikamo malaya a bambo, kuyanika, kenako kusita ndi simbi yamakala mpaka kolala itaima chilili. Katswiri wake panyumba ndinali ine. Ndiye nditaona matewera oyera aja, manja anangoyamba okha ntchito. Kodi ndani akanandiuza kuti si nsalu yoyera iliyonse imene imapita ku ofesi?

Mana Rosa, amene timayandikana nawo nyumba, anasuzumira pampanda nditayanika. "Mana, amenewo ndi matewera kapena malata?" Ine ndinangomwetulira, mumtima ndikuti nsanje basi.

Tsiku la ulendo linali Lachisanu. Bambo a Jafari anali atatsogola kale kumudziko. Thewera loyamba polipinda linkalira khwa khwa ngati katoni, pini polowa mpaka ndinachita kukankha ndi supuni, koma nditamaliza, eee, Jafari anaoneka ngati mkulu wa siteshoni. Kakabudula kapulasitiki ndinakayang'ana, ndinati ayi, ntchito yonseyi ndiibise m'pulasitiki? Ndi kutentha kumeneku? Ndinakasiya pabedi. Timakabudula tonse tinatsala pabedi.

Shapa, minibasi ya ku Mandimba, inadzaza mmene imadzazira. Chikwama pamiyendo, beseni la mphatso kumapazi, mwana pachifuwa, thumba la chimanga la munthu wina likundikankha m'nthiti. Pambali panga panali bambo achikulire, mkanjo woyera wosita bwino, kofia kumutu, ndevu zaimvi. Ataona mmene ndikuvutikira anati, "Mayi, bweretsani kuno mwanayo, inu mugwire katundu." Mukudziwa m'shapa mwana ndi wa tonse. Ndinawapatsa, ndipo anamukhazika pamwendo, akumusekeretsa ndi mikanda yawo yopempherera. Mumtima ndinati taonani anthu abwino, komanso ndinkafuna aone theweralo. Ndivomere, ndinakokera kamalaya ka Jafari m'mwamba pang'ono kuti lionekere.

Titayenda ndithu, Jafari anangoti zii, maso patali. Mayi aliyense amaidziwa nkhope imeneyo. Ine sindinade nkhawa, si wavala thewera? Anzanga, madzi aja sanaime n'komwe kuti apereke moni. Anangoyenderera pamwamba pa goma ngati mvula pa tsamba la nthochi, n'kupeza njira yake m'mbali mwa mwendo, n'kutsikira onse pamkanjo woyera uja. Bambo aja anali pakati pofotokoza za mtengo wa nandolo, anangosiyira pomwepo.

Kondakitala anasuzumira. "Epa! Denga la shapa yanga silidontha, zimenezi zachokera kwa bwana wamng'onoyo!"

Mayi wina kumbuyo anatambasula dzanja n'kugogoda theweralo ndi chala. "Iii, lili gwaa! Mwana mwamuveka mbale?"

Shapa yonse inafa ndi kuseka. Ine ndinkangoti pepani bambo, pepani bambo, ndikuthamangira kunyamula mwana. Koma panthawiyi goma uja anali atanyowa n'kubwerera kukhala phala. Ndikukweza Jafari, mkanjo nawo ukukwera, wamatirira kumatako kwake! Ndinachita kumatula pang'onopang'ono, bambo aja atagwira mkanjo wawo m'mawondo kuti usapitirire. Lachisanu, munthu wavala zokapemphera! Ndinalakalaka pansi pa shapa patang'ambika.

Iwo anandifunsa modekha, "Ndi wamwamuna?"

"Eya, bambo."

"Wayamba kudya phala?"

"Ayi bambo, amangoyamwa."

"Ndiye kwa ife ndi nkhani yaing'ono, mayi. Ndiwazapo madzi, ndikapemphera bwinobwino." Anayang'ananso pamwendo pawo, n'kukhudza ndi chala. "Koma ngati sanayambe phala, phala ili lachokera kuti?"

Mukanayankha chiyani inu?

Dalaivala anaima pambali pa msewu osapemphedwa. Mtsikana wogulitsa nthochi anabwera ndi kabotolo ka madzi, bambo aja n'kuwaza pamkanjo. Ine ndinatsegula chikwama kuti ndisinthe mwana, ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti matewera onse ndinawaviika m'goma, onse ali gwaa ngati mnzawo. Mayi aja ogogoda anatsika, anang'amba kapulana wawo wakale wofewa, chitenje chimene ankafundira, anamupindira Jafari mofulumira, akumuyankhula Chimakuwa chimene sindinachimve bwino. Dzina lawo sindinafunse, ndipo ndimadandaula mpaka lero.

Titafika ku Mandimba sindinatsanzike bwino, manyazi. Ndinalumphira pa kabaza, mwana kumbuyo, beseni pamiyendo. Tayenda pang'ono, ndikacheuka, mkanjo woyera uli pa kabaza wina kumbuyo kwathu. Takhota pamsika, nawo wakhota. Talowa kanjira ka m'mango, nawo walowa. Ndinati mayo, kuleza mtima kuja kunali kwa pamaso pa anthu, tsopano akufuna akaone kumene ndikupita kuti akadandaule kwa akuluakulu!

"Achimwene, palasani!"

"Mayi, tikuthawa ndani kodi?"

"Ingopalasani!"

Tinafika pakhomo fumbi lili kobo. Apongozi anatuluka akululutira, anandimasula mwana kumbuyo, n'kumutembenuza kuti aone matewera awo. Anapeza chigamba cha kapulana wamaluwa. Nthungululu zinathera pakhosi. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo nthawi yomweyo belu la njinga linalira kumbuyo kwanga.

"Achimwene, mwafika!" anatero apongozi.

Anzanga, anali Che Bwanali, mchimwene wawo wa apongozi, malume awo a bambo a Jafari, amene paukwati wathu sanapezeke chifukwa anali ku Nampula. Anabwera dala kudzaona mwana yemweyu.

"Mdzukulu wanga ndakumana naye kale," anatero akutsika, akuloza banga la pamkanjo. "Wandilandira ndi manja awiri."

Panalibenso chobisa. Ndinatsegula chikwama, apongozi anatulutsa thewera limodzi, analitembenuza, analinunkhiza, kenako analiimika pamphasa. Linaima. Lokha, popanda woligwira. Onse tinangoliyang'ana, bambo a Jafari atagwira pakamwa, mpaka kamphepo kanabwera n'kuligwetsa ngati chitseko. Apongozi anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwe, ndipo nanenso kuseka kunanditulukira.

Amuna atapita ku mzikiti, ife tinatengana kupita kuchitsime. Tinawaviika, kuwachapa, kuwatsukuluza mobwerezabwereza mpaka madzi anasiya kuterera. Apongozi anandionetsa kapindidwe, pokhuthala pakhale kutsogolo poti ndi mnyamata, chala chako chikhale pansi pa pini kuti ikabaya ibaye iwe, ndipo kakabudula kapulasitiki si kokongoletsa bedi. "Amake Jafari, thewera ntchito yake ndi kumwa, osati kutchena," anatero. Kenako poyanika anatsitsa mawu, "Koma manja muli nawo. Munthu waulesi sapala chinangwa chifukwa cha matako a mwana." Mawu amenewo ndinawasunga. Dzuwa la ku Mandimba linaumitsa matewera msanga, ndipo madzulo Jafari anavala lofewa. Anachita zake ali pamwendo pa agogo ake, ndipo chitenje chawo chinatsala chouma.

Ndikukonzekera kubwerera, Che Bwanali anandiitana pakhonde, mkanjo uja ataupinda m'manja. Ndinati mlandu uja wafika. Iwo anati, "Apongozi, chinangwa chija musamawonongere mwana amene sayamika. Ine mkanjo wanga sunaimepo wokha chiugulireni."

Ndiye mpaka lero, bambo a Jafari akamachokera kumudzi, amabwera ndi mkanjo wa malume m'chikwama, ndipo ku mzikiti akuti palibe wowaposa kuwala. Koma goma pa thewera, ayi, ndinalapa. Ndipo mwana wanga ndisanampereke kwa munthu wovala zoyera m'shapa, ndimayamba ndafunsa kuti, "Pepani bambo, ku Mandimbako mukupita kwa ndani?"