A Chafutambuyo ndi Mchira wa Ndege Yawo

Munthu aliyense amayenda akuyang'ana kumene akupita. Koma mumsewu wathu munali mdala wina amene ankayenda akuyang'ana kumene akuchokera, ndipo ine sindinawaonepo atagwa. N'chifukwa chake tinkawatchula kuti a Chafutambuyo. Dzina lawo lenileni ndinalimva pamaliro awo, ndipo ngakhale pamenepo anthu ena anakodolana n'kumafunsana kuti akunenedwayo ndi ndani.

Ntchito yawo inali yokonza mawailesi, koma mtima wawo wonse unali pa tindege. Osati tindege toseweretsa ana ayi. Tawo tinali ta injini yeniyeni yomwa petulo, toyendetsa ndi rimoti munthu ali chiimire pansi. Kandege kasanauluke ankakaika pakhomo pawo, wina n'kukagwira, iwo n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, rimoti m'manja, maso ali pamchira wa kandegeko. Ankati akuyesa ngati kakumva mawu a rimoti ali patali. Mchira ukamamvera ankapitirira. Ukangogwedezeka wokha asanaulamule, ankaima nji!

"Pali wina akuyankhula ndi ndege yanga," ankatero. "Ndipo si ine."

Kubwerera m'mbuyo kumeneko, abale, kunali kwa mtundu wina. Ankapita pansi pa chingwe cha zovala atawerama, chingwecho osachiona. Galu wa ometa tsitsi atagona pakati pa njira ankamudumpha chafutambuyo. Tsiku lina analowa chambuyo m'shopu ya ometawo, n'kukakhala pampando. Ometawo, poona kasitomala wabwera yekha, anawafunditsa nsalu.

"Mwafuna chiyani pakhosi panga?"

"Mwakhala pampando, madala. Pano akakhala timameta."

"Metani, koma mutu wanga musautembenuze."

Anametedwa mpaka kumaliza, maso ali pamchira wa ndege imene inali kutsidya kwa msewu.

Ine ndinawadziwa bwino chifukwa cha ngozi. Mwana wanga anali wakhanda, ndinamugoneka pamkeka kuseri kwa nyumba ndikuchapa matewera. Kuseriko n'kumene kuli bwalo limene ankaulutsirako. Ndinangomva injini yasintha kalilidwe, kenaka phwa! Kandege kofiira kanadzazika mphuno m'dothi, pafupi ndi mkeka moti dothi linamwazikira pa bulangeti la mwana. Mwanayo sanadzuke n'komwe. 

Tsiku limenelo ndilo lokha limene ndinaona a Chafutambuyo akuthamanga moyang'ana kutsogolo. Kandegeko sanakayang'ane. Anagwada pambali pa mkeka, n'kuika khutu pafupi ndi mphuno ya mwana.

"Amake mwana," anatero, "m'mawa mchira unagwedezeka pang'ono, ine ndinati si kanthu. Kuyambira lero, ndege ya mchira wosamvera sidzadutsanso pamwamba pa mutu wa mwana wa munthu. Mundimve."

Kuchokera pamenepo mwana wanga anamutcha Kaputeni, ati chifukwa ndege inagwa iye osatekeseka.

Nthawi imeneyo n'kuti akupanga ndege yaikulu, yoyera, mapiko ake otalika kuposa chitseko. Ankati ndiyo yomaliza, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita chidima, ndipo kuchipatala anawauza kuti masowo sachiranso. Ankafuna kuiona ili m'mwamba maso asanatsekeke. Akazi awo, mayi atelala, ankati ndegeyo ndi mkazi mnzawo: imagona pa tebulo lodulira nsalu, iwo n'kumadulira pansi.

Ndegeyo inatha, yokongola ngati yogula. Analiza injini, nayamba kubwerera m'mbuyo. Asanafike n'komwe pa mpope wa madzi, mchira unayamba kuvina wokha.

Apa ndiye msewu wonse unalowa m'mavuto. Anatenga kawailesi kam'manja, n'kukaika pakati pa masiteshoni pamene pamangomveka shiii, n'kumayenda nako khomo ndi khomo. Ankati chilichonse chothetheka magetsi chimakuwa mumpweya, ifeyo sitimva koma ndege imamva, n'kusokonezeka kuti imvere uti. Woyamba kuimbidwa mlandu anali bambo a Kaputeni, chifukwa ndi owotcherera zitsulo.

"Achimwene, makina anuwa ndi amwano. Tamverani." Kawailesi kanali kulira ngati mafuta m'chiwaya.

"Ndiye ndisiye ntchito chifukwa cha chidole, madala?"

"Chidole? Chidole chinatsala pang'ono kukuphwanyirani mwana?"

Bambo a Kaputeni anazimitsa makina. Mchira unavinabe. Anapita kwa ometa, makina ometera anazimitsidwa munthu atametedwa mbali imodzi. Mchira unavinabe. Analowa m'khitchini mwanga n'kuima kutsogolo kwa filiji, khutu pa kawailesi, nkhope ngati dokotala.

"Filiji yanuyi imang'ung'udza, koma ilibe mtima woipa," anagamula motero.

Wanjinga yamoto wa kumapeto kwa msewu anachita kutopa nawo, moti akafika pakona ankazimitsa yekha injini n'kumakankha njingayo mpaka kwawo, ngati wadutsa pamaliro.

Kenaka masana ena magetsi anazima dera lonse. Ife tikudandaula, iwo anatuluka akumwetulira ngati alandira mphatso. Kunalibe makina, kunalibe filiji, mpweya unali zii. Anayesa injini ili chete: mchira unamvera mpaka iwo anakafika kuseri kwa golosale. Analiza injini: mchira unavina.

Anakhala pamwala nthawi yaitali. Atadzuka anayenda khomo ndi khomo, chipewa m'manja.

"Pepani, ndinakunamizirani. Wakuba ali m'nyumba mwanga momwe."

Anapepesa ngakhale filiji yanga.

Tsopano anayamba kufufuza m'mimba mwa ndegeyo, ndipo poti maso anali kuchepera, ine ndinasanduka maso awo. Khomo langa ndi lawo n'zoyang'anana, choncho ndinkagwira ndege, Kaputeni ali kumsana, iwo akubwerera m'mbuyo, ine n'kumakuwa kuti wagwedezeka kapena ayi. Ndinaphunzira zambiri zimene sindinaziganizirepo. M'kati mwa ndege muli kabokosi kolandira mawu a rimoti. Anakasuntha kuti katalikirane ndi waya wa pulagi ya injini, chifukwa pulagi imathetheka. Anasintha pulagiyo ndi chipewa chake. Anapatula mabatire, la injini palokha, la kabokosi palokha. Anamanganso tinati tonse ta paipi ya utsi. Anati kabokosi kakugwedezeka kwambiri, kakufunika kogona pofewa, ndipo anayang'ana matiresi a Kaputeni ndi diso limene sindinalikonde.

"Pakona pokha, amake mwana. Kaputeni ndi wamfupi, mapazi ake safikako."

Ndinadula pakonapo. Mchira unavinabe.

Miyezi inapita. Anayamba kundizindikira ndi mawu, osati nkhope. Tsiku lina anapereka moni kwa mgolo wa madzi. Mayi atelala anasiya nthabwala za mkazi mnzawo.

"Bambo, ulutsani basi. Kugwedezeka kwake n'kochepa. Mukudikira kuti muzidzaimva ndi makutu okha?"

Nanenso ndinawathandiza kupempha. Ndinati tiuza amayi onse atsekere ana m'nyumba.

"Ndege ikagwa, malata ndi pepala, amake mwana," anatero. "Ndipo inuyo ndiye mukunena zimenezi? Mwaiwala dothi lija pa bulangeti?"

Ndinachita manyazi, komanso ndinachita mantha ndi mdala ameneyu. Chinthu chimene ankachifuna kuposa chakudya chinali patebulo, chokonzeka, petulo alimo, bwalo lili pomwepo. Palibe akanawaletsa. Ankadziletsa okha, chifukwa cha mawu amene anauza mayi wochapa matewera.

Chimene chinathetsa nkhaniyi ndi mvula. Kunachita mitambo, mayi atelala anafuna kupita kukapereka zovala, anatenga ambulera yawo, poitsegula inagwera mbali imodzi ngati nkhuku yothyoka phiko. Anatuluka nayo, sizasi ili m'manja, ife tili pakhonde, ndege yatsegulidwa pamimba, injini ili chete koma rimoti ndi kabokosi zili zoyatsa.

"Nthiti ya ambulera yanga ili kuti?"

"Mayi, ine ndi ambulera wapi ndi wapi?"

Mayi atelala anasuzumira m'ndegemo. Munali kawaya kowongoka kochokera m'kati kukakola pa kachitsulo kotsegulira petulo ku injini.

"Nanga ichi n'chiyani? Si ichi?" Anakakanda ndi nsonga ya sizasi. "Si ichi?"

Mchira unagwedezeka. Injini ili chete.

A Chafutambuyo sanauone, koma anaumva kulira kwake. Anaimika dzanja m'mwamba.

"Mayi, bwerezani."

"Ndibwereze chiyani? Ndati ndinu wakuba!"

"Kutukwanako pitirizani, koma kandaninso pomwepo."

Anakandanso. Mchira unavina. Mdala anakhala pansi, n'kuseka mpaka misozi.

"Chitsulo pa chitsulo! Injini ikalira, kawaya aka kamagundana ndi kachitsulo ako, n'kumakhulana, n'kumathetheka timoto tosaoneka. Ndavutitsa msewu wonse, ndadula matiresi a mwana, chonsecho wolongolola ndi ambulera ya mkazi wanga!"

"Ambulera yanga inali chete mpaka munaiba," anatero mayi atelala.

Panafunika kapulasitiki kolekanitsa zitsulo ziwirizo. A Chafutambuyo anakasema kuchokera ku mpini wa mswachi, akupapasa ndi zala. Mswachiwo unali wa bambo a Kaputeni, ndipo anamva za nkhaniyi m'mawa mwake akuufunafuna.

Mvula itakata anayesa. Injini ikulira, anabwerera m'mbuyo kudutsa mpope, kudutsa ometa, kudutsa golosale, ine ndikukuwa kuti uli chete, uli chete, mpaka mawu anga anasiya kufika ndipo anthu ankachita kulandirana uthengawo. Mchira sunasunthe ngakhale pang'ono.

Loweruka msewu wonse unapita kubwalo. Koma a Chafutambuyo ataima pakati, rimoti m'manja, anatembenuza nkhope uku ndi uku, n'kunena motsitsa kuti, "Ikangokwera, sindiionanso. Ndege yosaoneka ndi chimodzimodzi ya mchira wosamvera. Tiyeni tizibwerera."

Bambo a Kaputeni ndiwo anayankha. "Madala, ana onse ali kumbuyo kwanu, kutsogoloku kulibe munthu mpaka kumitengo. Maso alipo ambiri pano. Inu gwirani rimoti."

Anaganiza, n'kufunsa ngati ine ndaima pafupi. Ndinati ndili pano. Anati ndiziyankhula ndekha, ena onse atseke pakamwa.

Ndege inathamanga paudzu, n'kunyamuka.  Chinthu chimene ndinachigwira miyezi yonseyo, cha siponji ya mwana wanga ndi mswachi wa mwamuna wanga, chinali m'mwamba, dzuwa likuwala pamapiko. Ndinkanena kuti yapendekera kumanzere, yawongoka, ikutembenuka, ikubwera. Koma nthawi zambiri ndisanatsegule pakamwa zala zawo zinali zitakonza kale. Ankaimva ndi makutu, mutu utapendekeka ngati munthu womvera nyimbo yakutali. Lamulo lotseka pakamwa palibe analisunga. Ometa ankakuwa, wanjinga yamoto ankalumpha, mayi atelala anaphimba kumaso ndi ambulera yothyoka ija n'kumasuzumira pong'ambika.

Anaidutsitsa m'munsi kamodzi, kutsogolo kwawo, pakati pa iwo ndi dzuwa.

"Ndaiona," anatero. "Mthunzi wokha, koma ndaiona."

Inatera bwinobwino, n'kudzaima chapafupi ndi mapazi awo. Anawerama, n'kupapasa mchira, n'kuusisita ngati mutu wa mwana womvera. Sanaiulutsenso.

Anamwalira nyengo yozizira yotsatira, atadwala pang'ono. Ndege ili pamwamba pa kabati ya mayi atelala, ndipo amaipukuta fumbi uku akuinyoza. Ambulera yatsopano anaikana.

Masiku ano msewu wathu uli phee. Bambo a Kaputeni amawotcherera tsiku lonse popanda wowaimba mlandu, ndipo amati ntchito siikoma. Wanjinga yamoto nthawi zina amazimitsabe injini pakona, kenaka n'kukumbukira. Pakati pa msewu, kuyambira pakhomo pawo mpaka kugolosale, palibe amaikapo ndowa kapena mpando, ngakhale palibe anatiuza.

Dzulo ndikuyanika zovala ndinamva ometa akukuwa kuti, "Chotsani galuyo!" Nditatuluka ndinapeza Kaputeni, amene wangophunzira kumene kuyenda, wagwira sopo ndi manja awiri ngati rimoti, maso ali pakhomo pa mayi atelala, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Palibe anaseka. Anthu ankangosuntha katundu wawo kuti adutse.