Gwape Wanga wa Kumanda

Lolemba

Zaka zonse zija ndili pansi pa mgodi ku Joni ndinkalota phiri lathu la kuno ku Champiti lili ndi agwape ake. Ndabwera, phiri lili zii. Ndafunsa alamu, akuti, "Tinadya." Yankho lonse ndi lomwelo.

Koma m'mawa uno kuseri kwa dimba langa ndaona mmodzi, wamkazi, ndi kamwana kake miyendo ili njenjenje. Mwina ndi otsiriza. Ndipo Loweruka kuli uzimba, atentha tchire lonse.

Zochita:
kuuza anthu amuleke;
kuchotsa misampha;
chachitatu ndiganiza mawa.

Lachiwiri

Ndawauza anthu pamowa. Amvetsera bwino zedi, mpaka kufunsa kuti kuseri kwa dimba mbali iti. Ndalongosola, ndaloza ndi chala. Pobwerera m'pamene mutu wayamba kugwira ntchito. Kalanga ine! Alamu akunola nthungo uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Lachitatu

Misampha yonse ndachotsa. Eni ake ndi apongozi aamuna. Sindinadziwe. Mkamwini kugwira msampha wa apongozi! Akuti ndaonjola nyama n'kuidyera kutchire ndekha.

Nangozo, mkazi wanga: "Kumgodi kuja mwala unakugwerani pamutu, ingonenani." Sunandigwere. Kapena unandigwera? Ukanandigwera ndikanakumbuka bwanji?

Lachinayi

Chachitatu chija chapezeka: manda. Mumsitu wa kumanda simulowa moto, nkhwangwa kapena mlenje. Gwape akangozolowera kumeneko, wapulumuka.

Ndathyola kholowa, ndatapa kamchere, ndikuponya pang'onopang'ono kuchokera kudimba, chowerama, choyenda chammbuyo, kalikhweru pansipansi. Poweramuka: azimayi ali ndi mitolo ya nkhuni pamutu, kukamwa kuli yasa. Ine ndili pakati pa mitumbira, mchere m'manja, m'mudzi mulibe maliro.

Ndawapatsa moni mwaulemu. Ataya nkhuni.

Lachisanu

Ndine mfiti. Nkhani yafika ku Lizulu ndisanasukusule n'komwe.

Zomwe ndamva:
ku Joni ndinagula mankhwala oopsa;
ndimadyetsa akufa kholowa;
gwapeyo ndi ine ndemwe.

Chomalizachi chandizunguza mutu. Ngati gwape ndi ine, amaponya kholowa uja ndani?

Nangozo wapinda mphasa, wapita kwa mayi ake. Mudzi ndi wakwawo, koma wothawa ndi iye. Zandiwawa, sindinama. Apongozi akandiona patali akukhota njira, ndipo si ulemu wa chipongozi uja ayi.

Loweruka

Uzimba. Moto, utsi, agalu, zibonga. Ine ndili pachulu.

Gwape wavumbuluka, mwana pambuyo. Watsata njira ya kholowa ija, lowu mumsitu wa kumanda. Anthu aima chilili. Agalu awaitana abwerere. Alamu: "Mwaona? Wapita kwawo." Onse atembenuka kuyang'ana ine. Mkulu wina akufunsa anzake kuti ndikutha bwanji kukhala pawiri, pachulu ndi kumanda nthawi imodzi. Ndinafuna kumuyankha, koma nanenso sindikuzimvetsa.

Uzimba wonse abwerako ndi mbewa zopserera.

Lamulungu

Akulu a mpingo andiimitsa mgonero mpaka nkhani iunikidwe. Benchi lonse langalanga, ndachita kutambasula miyendo. Nangozo wasiya chakudya pakhomo, koma mbale akuti ndisabweze.

Ine ndinkafuna anthu amumvere chisoni gwape. Akumuopa. Palibe adzatcherenso msampha kuseri kwa dimba, ngakhale apongozi. Kaya ndapambana, kaya ndagwa nayo, sindikudziwa.

Masana ndapita kudimba. Nyemba zonse zadyedwa mpaka pansi, m'mizere muli timapazi, tatikulu ndi tating'ono. Ndikadandaule kwa yani? Mudzi wonse ukudziwa kuti ndadya ndekha.