Mmene Ndinathera Mafuta Pakati pa Nyenyezi

Anzanga a kusukulu ya kwacha nkhani iyi akuidziwa kale, moti ndikamalowa m'kalasi amati dalaivala wafika. Bola ndiilembe ndekha, poti kulemba ndakudziwa tsopano, kusiyana n'kuti manyazi anga azikometseredwa ndi pakamwa pa ena.

Tsikulo ndinkatsitsa matumba a mtedza amene ndinakapikula ku Mitundu. Lole inanditula pamsewu pa Nathenje dzuwa lili paliwombo. Amuna anga, bambo a Tadala, anali atandiuza pa foni kuti ndidikire, atumiza wanjinga. Ine zodikira sindizitha. Ndinazinga nkhata, thumba pamutu, ulendo wa kuseri kwa msika kumene bambowa ali ndi kashopu kometa tsitsi ndi kutchaja mafoni. Kubwerera, lina. Kubwerera, linanso. Pamene wanjingayo ankafika n'kuti khosi langa litalowa m'mapewa, matumba onse ali pakhonde.

Eni ake shopu ndinawapeza ali phee pampando wometera, laputopu pamiyendo, akuyang'ana kadontho.

Laputopuyo anaigula kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka, ndipo inabwera ndi gemu ya mumlengalenga. Umakhala ndi chombo chako, n'kumauluka kuchoka pa nyenyezi ina kupita pa inzake, kufunafuna maiko oti munthu sanawaonepo. Palibe chigoli, palibe womenyana naye. Mdima basi, ndi timadontho.

Gemu yomweyo amaseweranso a Mwale, nesi amene amabwera kudzametetsa ndevu, ndipo awiriwa akakumana mkangano wake umakhala umodzimodzi. A Mwale amati ukafika pa nyenyezi ungodina batani limodzi, lilire, likuuze kuti pali maiko angati, basi uzipita. Amati gemu si maliro kuti munthu uzikhala pansi mwakachetechete. Amuna anga amati batani limenelo n'chimodzimodzi kuwerenga nyumba uli m'minibasi. Iwo dziko lililonse amalisendera pafupi, kulizungulira, kuliunika mbali zonse ngati sikani ya amayi oyembekezera ku Nkhoma, mpaka adziwe ngati kuli madzi kapena miyala yokhayokha.

Ine ndinali mbali ya a Mwale, ngakhale panalibe amene anandifunsa.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti nthawi zina bambo a Tadala ankaimika chombocho pambali pa nyenyezi, n'kupinda manja. Osadina kanthu, osaunika kanthu, kungokhala. Sindinafunsepo chifukwa chake, poti ndinkachidziwa kale. Munthu yemweyu ukamutuma tomato amakazungulira mulu uliwonse ngati akufunsira mbeta.

Ndisananyowetse n'kukhosi komwe, kunabwera uthenga woti akamete mkulu wina wodwala amene sakanatha kuyenda. Anaika mashini m'chikwama, laputopu n'kuikhazika patebulo.

“Mayi a Tadala, mungoyang'anira shopu. Iyi musaitseke, chombo chili pa ntchito.”

Ndinayang'ana. Chombo chinali chitaima pambali pa chinyenyezi chachikasu, chili duu. Ntchito yake iti?

Ndinakhala pampando kuti ndipume. Koma ine kupuma kumandiyabwa. Munthu akamalima mzere mozengereza ndimamulanda khasu. Kumaliro ndikapeza amayi akukambirana za yemwe akatunge madzi, pomaliza kukambiranako amapeza migolo yadzaza. Komanso aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha anali atatiuza sabata yomweyo kuti tisamaope makina, anapangidwa ndi anthu ngati ife tomwe.

Batani lolumphira ndinkalidziwa, ndinali nditaliona kambirimbiri. Ndinapukuta chala pachitenje, n'kudina.

Abale inu! Nyenyezi zonse zinasanduka mizere, chombo chinalira ngati basi yotsika mtunda, ndipo ndisanaphethire ndinali pa nyenyezi ina, yofiira. Ndinadina batani la a Mwale, linalira. Ndinalumphanso. Yoyera. Kulumphanso. Ndinayamba kuwamvetsa a Mwale. Ulendo umene amuna anga akanauyenda mwezi wathunthu, ine ndinkaudula ngati mpeni pa dzungu.

Kenako ndinaona kamzere kachikasu m'munsi mwa galasi. Ndikalumpha, kankafupika. Ndikalumphanso, kankafupikanso. Apa mtima wanga unakhala pansi, chifukwa chinthu chimenechi ndimachidziwa. Ukamaswa mtedza, mulu ukamachepa ndiye kuti ntchito ikutha. Ndinati ohoo, kani ntchito imene bambowa akhala akuikoka kuyambira mvula yoyamba ndi kamzere aka? Lero katha.

Ndinakwinda chitenje m'chiuno ngati ndikulowa m'dimba.

Ndili mkati mwa ntchito choncho, a Mwale anasuzumira pakhomo. Ataona nyenyezi zikuthamanga anaseka mpaka kugwira chitseko.

“Alamu, ndiye mwawaposatu eni ake! Ndakhala ndikuwauza kuti gemuyi imafuna anthu a changu.”

Ndinawauza kuti aone okha, kwatsala pang'ono kuti ndimalize. Anayandikira, n'kuwerama kuyang'ana pamene ndinkaloza. Kuseka kuja kunazima. Anafunsa kuti achimwene apita kuti, ndipo ndisanamalize kuyankha anati akumbukira kuti pali wodwala amene akuwadikira. Ndevu sanametetse tsiku limenelo.

Ine ndinati ndi nsanje ya amuna, poona mzimayi akuwaposa.

Kamzere kaja kanasanduka kofiira, laputopu inayamba kulira tii, tii, tii. Ndinati ikundiimbira nthungululu. Ndinalumpha komaliza, n'kufika pa kanyenyezi kofuwirira ngati khala lozima, kamzere n'kutheratu. Ndinadinanso batani, chombo osasuntha. Ndinapinda manja tsopano, ine mwini, poti ntchito inali itatha.

Bambo a Tadala atalowa sindinawadikire kuti atule chikwama.

“Ntchito yanu ija ndakumalizirani. Kamzere kaja katha.”

Anayang'ana galasi. Anayang'ana ine. Anatula chikwama pansi mosamala ngati muli mazira, n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

“Mayi a Tadala,” anatero motsitsa mawu, “amenewo anali mafuta.”

Anandifotokozera mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandipweteka. Kuima kuja pambali pa nyenyezi, manja ali opinda, chombo chimakhala chikumwa mafuta kuchokera ku moto wa nyenyeziyo. Si nyenyezi iliyonse imene imapatsa, ndipo kamene ndinaimapo ine kanali kouma. Chombo chikathera mafuta kutali choncho chimafa, umayambiranso kudepoti kumene unanyamukira. Ndipo zonse zimene waunika paulendo zimakhala m'chombo momwemo mpaka utakazitula kudepotiko. Iwo anali asanatule n'kamodzi komwe chiyambire mvula. Anali panjira yobwerera, ine ndinawathamangitsira kolowera kwina.

Tikuyang'ana choncho, magetsi a m'chombo anazima limodzilimodzi.

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine ndinati nanga maiko akewo ngoti munthu angadzaleko phando limodzi la chimanga? Ndinati akanandiuza. Anandikumbutsa kuti anandiuza kuti chili pa ntchito. Ndinati ntchito yopinda manja ine sindinaionepo.

Iwo anatulutsa foni m'thumba, n'kundionetsa chithunzi chimene anajambula pagalasi la laputopu. Linali dziko lobiriwira ngati dimba la mpiru, lokhala ndi nyanja zake, mitambo yoyera itazungulira. Anati analipeza kuseri kwa nyenyezi ina imene a Mwale anadutsapo osaima. Anati mu gemuyi woyamba kuunika dziko n'kukalitula kudepoti ndi amene amalipatsa dzina, ndipo aliyense wosewera, kulikonse kumene ali, amaliona dzinalo.

“Ndimafuna ndifike sukulu yanu isanatsekere,” anatero. “Ndimafuna mulembe nokha, ndi chala chanu. Felesiya. Poti F wanu uja wasiya kuyang'ana kumbuyo.”

Matumba onse aja sanandilemere ngati mawu amenewo. Munthu amene ndinkamunena kwa anzanga kuti amangoyang'ana timadontho, ankaona ngakhale mmene ndinkalimbanirana ndi chilembo chimodzi pa kope la Tadala.

Ndinatuluka n'kukayamba kuswa mtedza, chifukwa manyazi anga amafuna chogwira.

M'mawa mwake bambo a Tadala ananyamukanso kuchokera kudepoti, chombo chili chopanda kanthu. A Mwale, atalimba mtima n'kubweranso ndi ndevu zawo, anawachonderera kuti ulendo uno wokha angolumpha, akafike msanga wina asanalipeze. Ngakhale ine ndinafuna kunena zomwezo, koma ndinaluma lilime. Amuna anga anati njira ndi yomweyo, ndipo maiko onse amene anatayika aja ayenera kuwaunikanso, sangawadutse ngati sakuwadziwa. Akaima pambali pa nyenyezi, ine ndinkawabweretsera mtedza wokazinga n'kukhala nawo, manja ndili nditawakhalira kuti asachite zawo.

Sukulu inatsekera. Tinakolola. Fodya wa anthu anapita ku okushoni. Tsiku lina masana amuna anga anandiitana kuchokera pakhonde, a Mwale ali pomwepo, thovu lili kumasaya. Chombo chinali chitafika. Dziko lija linatulukira pagalasi, lobiriwira monga pachithunzi paja, koma pansi pake panali patalembedwa kale dzina.

Ndinayesa kuliwerenga, zilembo zake sizinkagwirizana. A Mwale anadina penapake, n'kutulukira kachithunzi kamene wopezayo anaikapo. Anatsokomola.

“Alamu, pepani. Ndi munthu wa kunja. Walipatsa dzina la galu wake.”

Galuyo anali atavala juzi.

Bambo a Tadala anamuyang'ana galuyo nthawi yaitali. Kenako anatseka laputopu, n'kumaliza kumeta a Mwale bwinobwino, mbali zonse, osawacheka n'pang'ono pomwe. Dzinja lathunthu ndi chilimwe chake zinapita choncho, ndipo mpaka lero sanandikalipirepo. Kungoti laputopu tsopano imagona m'kabati ya malezala, kiyi wake amayenda naye m'khosi ngati mendulo ya kutchalitchi, ndipo akamapita kokameta odwala shopu amasiyira mayi wogulitsa nthochi.

Dzina langa ndimalilemba pa matumba a mtedza. Minibasi ikaima pothira mafuta, ine ndinasiya kumenya bodi yake kuti tizipita.